Indiketa Yanga Inanamiza Alamu Anga

Inu owerenga, kwathu kuno ku Lobi amandidziwa kuti ndine wokometsera nkhani. Ndikaona mbewa kumunda, pofika kunyumba imakhala yasanduka mbuzi. Koma iyi yokha ndiinena momwe ilili, mphamvu zothira mchere zinandithera. Alamu anga a Fabiano, amuna awo a achemwali anga, akuyendera ndodo chifukwa cha mawaya awiri amene ndinasemphanitsa ine.

Ndimayendetsa pikapu ya amalume, kututa kachewere ndi nyemba kupita nazo kumsewu waukulu. Ndi nkhalamba ya galimoto, maindiketa ake ankayaka ngati ali ndi tulo. Nditaona anzanga aika mababu a LED, owala ngati mphezi aja, mtima unandikana kukhala pansi. Ndinakagula ku boma. Akutsogolo analowa bwinobwino, koma akumbuyo mapulagi ake sanagwirizane ndi a galimotoyo. Amalume anati tidikire tikaonetse kwa amakanika a zamagetsi. Ine ndinawauza kuti mawaya a ndege ndimawadziwa, nanji a pikapu.

Ndinakwawira pansi ndi mpeni wosendera mbatata, kudula mapulagi akalewo, kusenda mawaya ndi mano. Mawaya akumbuyo amatulukira pamodzi, ndipo onse anali atafiira ndi dothi, wakumanja ndi wakumanzere osasiyana. Ndinangopota, n'kukulunga tepi. Poyesa ndinali ndekha, ndiye ndinadina mahazadi, aja amaphethira mbali zonse nthawi imodzi, n'kuthamangira kumbuyo kukaona. Onse phethiphethi! Ndinadziombera m'manja.

Inu amene simuyendetsa, mumvetse apa. Pamsewu timayankhulana ndi maindiketa. M'zitunda zathuzi amene ali kumbuyo kwako saona kutsogolo. Ukamuyatsira yakumanja ndiye kuti usadutse, kukubwera chinthu. Ukamuyatsira yakumanzere ndiye kuti dutsa, njira ili bwino.

M'mawa mwake kunali chifunga. Ndikukwera chitunda, matumba ali tho, pikapu ikubuula, ndinaona pagalasi njinga yamoto ya alamu. Ankachita kabaza, ndipo anali okha, akuthamangira kasitomala. Kutsogolo pokhota ndinaona lole ikutsetsereka. Ndinayatsa yakumanja msangamsanga, kamuvi pachiwongolero kakuloza kumanja, mumtima ndikuti lero alamu aone kuwala kwa m'tauni. Anakuonadi. Kumbuyo kunayaka yakumanzere.

Anandikhulupirira. Anatuluka kuti adutse, mpaka kundiimbira hutala wothokoza. Pozinda loleyo anakagwera m'ngalande, njinga n'kuwatsamira mwendo. Fupa linathyoka pawiri.

Ndinalumbira pamaso pa aliyense kuti ndinayatsa yakumanja, ndipo ulendo umenewu ndinkanenadi zoona. Koma ndani akanamvera munthu wa mawaya a ndege? Alamu ali pabedi kuchipatala ankati anaona yakumanzere. Amalume sanatsutsane nane. Anandiuza kuti ndilowe m'galimoto ndiyatse yakumanja, iwo ndi achemwali n'kukaima kumbuyo. Kenaka amalume anati, "Tsika udzaone kumanja kwakoko."

Ndinatsika. Achemwali sananditukwane, bola akanatero. Anangomanga chitenje chawo n'kumapita.

Chichokereni tsiku limenelo munda wa alamu ndi wanga. Kukacha ndimayamba kaye ndapalira nyemba zawo, kenaka pikapu, kenaka kukatunga madzi chifukwa achemwali ali ndi khanda. Msana wanga wakalamba kuposa galimoto ija. Njinga yawo ili pakhonde, nkhuku zikugonapo, ndipo madokotala sakunena ngati mwendowo udzaponderanso giya. Pabawo anzanga amati ndiwaseketse, ine ndimangosinza.

Chimene chimandiwawa n'choti alamu sanandikwiyire. Tsiku lina ndikuwakhazika pampando anati, "Alamu, pakamwa panupo tinazolowera kuti m'pabodza. Sindimadziwa kuti mwaphunzitsa ndi galimoto yomwe." Anaseka mpaka kugwira mwendo.

Ndiye abale anga, makamaka anyamata anzanga okonda zowala, pulagi ikakana kulowa musaidule. Pezani yogwirizana nayo, kapena pitani kwa odziwa. Mukasintha mababu musayese ndi mahazadi, amabisa. Imikani munthu kumbuyo, muyatse mbali imodziimodzi, iye azikuuzani imene yayaka. Indiketa si chokongoletsa ayi, pali munthu kumbuyoko amene akuika moyo wake pa mawu anu.

Mawaya aja amakanika anakonza kalekale. Koma sabata yatha ndikupita nawo alamu kuchipatala kukaonetsa mwendo, titayandikira pokhotera kumanzere, anatsitsa galasi, mphepo ya Dedza ikuluma chonchi, n'kutulutsa dzanja kuwauza akumbuyo. Indiketa inali ikuphethira bwinobwino. Sindinawaletse.