Disiki ya Achimwene ndi Dzuwa la Lachisanu

Achimwene anga anamwalira pa ngozi ya minibasi pamsewu wopita ku Limbe. Anasiya mkazi woyembekezera, sutikesi ya mabuku ndi kompyuta yakale. Anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, ndipo kutchalitchi ankaimba tenala m'kagulu ka amuna anayi. Nyimbo zawo ankazijambula okha pakompyutapo, maikolofoni atayimangirira kumpando ndi chingwe cha nsapato. Ankati adzapita nazo ku Blantyre kukatulutsa kaseti, koma sanapite. Mawu awo sanatsale kwina kulikonse, koma mu disiki ya kompyuta imeneyo basi.

Mwana atabadwa, alamu anga anabwera kudzakhala kwa makolo athu. Tsiku lina anapempha kuti tiyatse kompyuta ija, mwanayo azimva mawu a bambo ake ngakhale asanazindikire. Tinayatsa, koma sinatsegule kanthu. M'kati munkangomveka kho, kho, kho, ngati munthu akugogoda tebulo ndi chikhadabo. Onse anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinkasamalira makompyuta ku ofesi ya esiteti ya tiyi. Kwathu ankaganiza kuti mtsikana wophunzira zimenezi akhoza kudzutsa chilichonse chokhala ndi waya. Ine ndinachita mantha, chifukwa kulira kumeneko ndinkakudziwa. Disiki inali ikufa.

Pakompyuta palibe pulogalamu imene imagwira disiki yokha. Iliyonse imapempha kwa kenelo, imene ili mtima wa makinawo, monga timachitira kusitolo ya esiteti: iwe umaima pazenera, wam'kati ndiye amakatenga. Masiku onse umangotchula dzina la chimene ukufuna. Koma disiki ya achimwene inawonongeka pamene pamasungidwa mayina, choncho kenelo inkayankha kuti mulibe kanthu. Mwamwayi pali zenera lina losafuna mayina. Pamenepo umapempha kachigawo koyamba, kenako kachiwiri, mpaka disiki yonse ithe, uku ukukopera ku disiki ina yabwino.

Ndinalemba kapulogalamu kopempha pazenera limenelo. Ndinakauza kuti kakafika pamalo owonongeka kasaumirire, poti fupa lokakamiza limaswa mphika. Kaime, kalire, kandifunse ngati tiyesenso kapena tilumphe. Ndinkaona kuti ndachita zanzeru kwambiri.

Lachisanu ndinapempha tchuthi kuntchito, ndinabwereka disiki yabwino, ndipo ndinakhazika zonse pakona ya pabalaza. Inali nyengo ya chiperoni, minda ya tiyi yosaoneka, zovala zosauma. Disiki ya achimwene ija inakana kuzungulira mmawa wonse. Ndinayatsa ndi kuzimitsa mpaka ndinasowa mtengo wogwira. Itadzuka cha kumasana, ndinayambitsa kapulogalamu kaja, ndikudziwa kuti disikiyo ikaimanso basi, kwatha. Inalinso ndi khalidwe loipa: ikakhala kanthawi osapemphedwa kanthu, inkagona yokha.

Bambo anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, manja kumsana. Anali mkulu wa mpingo, ndipo pa nkhani ya Sabata sankaseka ndi munthu. Ali mnyamata anakana ukapitawo chifukwa unkafuna kugwira Loweruka. Nthawi ya mvula, masamba akachuluka, anthu ena a mumpingo ankazemba kukathyola tiyi pa Sabata, ndipo anali bambo amene ankawaitana kudzayankha. Kwathu ngakhale wailesi inkafunda nsalu Lachisanu dzuwa lisanalowe.

"Chimenechi chitha dzuwa lisanalowe?" anafunsa.

"Sichitha, bambo. Mwina mawa mmawa."

"Ndiye uchizimitse. Udzapitiriza Sabata likatha."

"Ikazima siyakanso. Ndavutika nayo mmawa wonse, mwaona nokha."

"Lamulo silipumitsa munthu yekha. Ngakhale ng'ombe imapuma."

"Iyi si ng'ombe, bambo. Kuchipatala filiji ya mankhwala amayizimitsa pa Sabata?"

Bambo anangoyang'ana pamene panali soketi. Ine kukamwa kwanga sikuchedwa, ndipo tsiku limenelo ndinali ndi njala komanso mantha.

"Mukazimitsa," ndinatero, "mwawaika achimwene m'manda kachiwiri."

Mayi, amene ankasita malaya a kutchalitchi, anaika simbi pansi. Alamu anga ananyamula mwana n'kulowa kuchipinda. Nkhope ya bambo sinasinthe. Ndinamva chisoni nthawi yomweyo, koma mawu sindinabweze.

Anali mayi amene anapeza njira. Analankhula motsitsa, osayang'ana aliyense, kuti madzi a mumpope amayenda pa Sabata popanda wowakankha.

"Chabwino," anatero bambo. "Chiziyenda chokha ngati madzi. Koma dzuwa likalowa, pasapezeke chala cha munthu pachinthu ichi."

Ndinavomera msanga. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kusintha kapulogalamu kaja kuti kazilumpha kokha osafunsa, ndipo ndinkaona kuti nthawi ilipo. Ndinaiwala chiperoni. Dzuwa likabisala, bambo sankadikira kuti kude. Ankati kuli bwino kumpatsa Mulungu nthawi yako kusiyana ndi kumubera yake. Ndili pakati posintha, ndinamva ali pakhomo akuti mitengo ya bulugamu ya kumalire a esiteti yasiya kuoneka, Sabata lalowa. Anabwera ndi nsalu ya wailesi ija n'kuphimba kompyuta, ine manja ali m'mwamba.

Tinakhala pansi kutsegula Sabata. Bambo anapemphera, koma ine sindinamve liwu ndi limodzi lomwe. Makutu anga anali pakona paja, pamene disiki inkang'ung'udza pansi pa nsalu. Ndinkapempha zanga zamumtima, kuti malo owonongeka akhale kuti atha. Kenako tinayamba nyimbo. Bambo ankaimba besi, mayi ndi alamu pamwamba, ndipo pakati pamene achimwene ankadutsa panali pongoyasama.

Tili pandime yachiwiri, kompyuta inalira kamodzi. Kugogoda kunaleka.

Aliyense anamva. Ndinadziwa kuti kapulogalamu kaima, kakudikira yankho, ndipo disiki ikapanda kupemphedwa kanthu igona posachedwa. Ndinayamba kudzuka. Bambo anandiyang'ana osasiya kuimba, ndipo ndinakhalanso pansi. Ndinali wokwiya mpaka m'maso munada. Ndinakwiyira bambo, ndinakwiyira chiperoni, ndinakwiyiranso achimwene amene sanapite ku Blantyre kuja. Alamu anga anasiya kuimba. Sanalire, sanapemphe kanthu, anangokumbatira mwana n'kuyang'ana nsalu ija. Mayi nawo mawu anatha. Bambo anatsala okha, anaimba mzere umodzi, n'kuima pakati pa wotsatira.

Anatseka buku la nyimbo, anadzuka, n'kukachotsa nsalu.

"Chikufuna chiyani?"

"Chafika pamalo owonongeka. Chikufunsa ngati chilumphe."

"Batani lake ndi liti?"

Ndinathamanga, dzanja lili patsogolo, koma anandigwira pamkono mwamphamvu.

"Ndati undiuze. Sindinati ugwire."

Ndinawalozera ndi maso, n'kutchula chilembo chake. Bambo anali asanagwirepo kompyuta chibadwire. Anafufuza batanilo pang'onopang'ono, chala chili m'malere. Atalipeza analikanikiza ngati akudinda chala papepala. Kanthawi kanadutsa popanda chomveka. Kenako kho, kho, ndipo disiki inapitiriza.

Anakoka mpando n'kukhala pomwepo. "Malizani nyimbo," anatero, osatembenuka. Tinamaliza. Kompyuta ikalira, iwo ankakanikiza. Ndinayesa kunena kuti ndiwalandire, anandiuza kuti ndikagone. Kutacha ndinawapeza pampando womwewo, atafunda bulangete, ndipo kapulogalamu kanali katalemba kuti kamaliza. Disiki yakale inagona yokha tisananyamuke kupita kutchalitchi, ndipo sinadzukenso mpaka lero.

Tsiku limenelo bambo anayenera kukhala kutsogolo ndi akulu anzawo. Anatuma uthenga kuti wina akhale m'malo mwawo, ndipo anakakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi munthu wina amene anamuitanapo pa mlandu wothyola tiyi. Anthu ankatembenuka, koma palibe anafunsa. Pobwerera ndinayenda nawo limodzi m'kanjira ka m'munda wa tiyi, ndipo ndinayesa kuwatonthoza kuti zimene anachita sizinali tchimo.

"Usandiphunzitse," anatero. "Ndikudziwa chimene ndachita. Ukanandifunsa lero, ndikanachitanso."

Lamulungu ndinakhala tsiku lonse ndikulumikiza tizigawo tija pa disiki yabwino, kufufuza pamene nyimbo iliyonse yayambira. Zina zinatayika zonse. Zambiri zinapezeka, koma zili ndi mipata, chifukwa paliponse pamene bambo anakanikiza kuti tilumphe panatsala zii. Madzulo ndinaitana onse. Ndinawachenjeza kuti asayembekezere zambiri, kenako ndinatsegula yoyamba.

Kunamveka mpando ukukhulidwa, munthu akutsokomola, ndiyeno achimwene akuseka n'kunena kuti tiyambirenso, besi yathamanga. Mayi anagwira pakamwa. Alamu anga anatembenuza mwana kuti ayang'ane kumene mawu ankachokera. Amuna anayi aja anayamba kuimba, tenala ya achimwene ili pamwamba, yoyera monga tinkaidziwira. Ine ndinalira osabisa.

Pakati pa ndime nyimbo inaduka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma bambo anali atayamba kale kuimba chapansipansi, chala chomwe chija chikugogoda pabondo kusunga nthawi. Anadutsa nayo nyimboyo pampata ponsepo okha. Mawu a mwana wawo atabwerera, anakumana pa liwu limodzi.