Yohane wakana kupita kumunda

Mwaswera bwanji nonse.

Lero mwana wanga Yohane wabwerako ku Blantyre, kumene anakapempha chilolezo chokagwira ntchito ya miyezi ingapo ku minda ya ku Joni. Amujambula, amudinda zala, pasipoti yatsala konko. Amuuza kuti adikire yankho pa foni.

Ndati mawa tikayambe kugalauza. Iye akuti, "Amayi, ndilimirenji poti ndikupita?"

Ndangokhala pansi. Mawu omwewo anandiuza malemu bambo ake, Yohaneyo ali kumsana. Nawonso anali atapempha chilolezo chopita ku Joni, ndipo nthawi imeneyo yankho linkabwera pa positi. Lachisanu lililonse ankasita malaya awo oyera, kupalasa njinga kuchoka kuno ku Mauwa mpaka pa Boma, n'kubwerako ndi nzimbe basi. Kalata inafika chimanga cha anzathu chili m'mawondo, yonena kuti atumize chithunzi china chifukwa khutu limodzi silikuoneka. Tinaseka mpaka misozi, koma chaka chimenecho tinadya madeya.

Mvula yayandikira. Achimwene, inu amalume ake, tamuyankhuleniko. Kapena ndingolima ndekha? Ine ndikati ndimukalipire, amaseka ngati bambo ake, ine n'kungomusiya.