Tchizi cha chuku cha a Khukhi

Bambo anga anaphika m'hotela zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo mpaka lero anthu a mumsewu mwathu amawatchula kuti a Khukhi. Ngakhale malemu amayi, akapsa mtima, ankawaitana choncho. Ndi munthu wamfupi, wadazi, wa mikono yodzaza zipsera za uvuni, ndipo sauzidwa zochita. Chimwalirireni amayi amakhala okha m'nyumba yathu yakale ija, iwo ndi mipeni yawo isanu imene salola munthu kuikhudza.

Nkhani inayamba ndi alamu anga, akazi a achimwene. Anapita kukawaona tsiku lina, n'kutsegula firiji ngati yawo. M'kambale kovundikira anapezamo tchizi cha mizeremizere yobiriwira, chonunkha ngati sokosi za mwana wasukulu. Anachijambula pafoni, n'kuchiponya m'bini, chithunzi n'kutitumizira tonse. M'munsi mwake analemba kuti bambo ayamba kudya zachuku, mutu sukuyendanso.

Achimwene sachedwa kugamula mlandu. Pofika madzulo anali atamanga kale mfundo: bambo asamukire kwawo, m'kachipinda koyandikana ndi galaja, nyumba itsekedwe. Ine sanandifunse, poti ndine chitsirizira, ndipo chitsirizira ngakhale chimere imvi ndi mwana basi. Zinandiwawa kwambiri. Ndinkadziwa kuti kukhitchini kwa alamu bambo sakaloledwa ngakhale kuwiritsa madzi, ndipo munthu ngati iwowa ukamulanda chitofu wamuika m'manda ali moyo.

Bambo atamva sanakalipe. Anangoti tonse tibwere Loweruka masana, ndipo tisadyeretu.

Ine ndinalawirira. Ndinawapeza atavala epuloni yawo yoyera, patebulo pali nsomba yaikulu ya m'damu, ataipala kale mamba. Anaicheka mizere m'mbali, kuikhwiza mchere ndi adyo, m'mimba kulongamo mandimu, n'kuigoneka pa anyezi m'thileyi. Tchizi china anali atakagula okha kusitolo yaikulu ya m'tauni. Koma ndinaona chimene alamu sanachione: dzanja lawo lamanzere linkanjenjemera, ndipo ankalipanikiza patebulo kuti likhale chete.

"Ndikuthandizeni, bambo?"

"Khala apo iwe. Wabwera kudzadya, osati kudzandiyeza."

Achimwene ndi alamu atafika, nyumba yonse inali itadzaza fungo la nsomba yowotcha. Bambo anayamba ndi saladi: letesi, nkhaka, maapozi ochekacheka, pamwamba atanyenyerapo tchizi chija, chuku chake chili poyera.

"Apongozi," anatero bambo mwaulemu wonse, "chimene munataya chija ndi ichi. Chukuchi amachita kuchiikamo dala. Ndakhala ndikuperekera zimenezi kwa anthu a mataye inu musanabadwe. Lawani."

Alamu analawa atatsinzina, ngati akumwa mankhwala. Achimwene anatapa kawiri, koma sanagonje.

"Bambo, nkhani si tchizi chokha ayi. Mwakula. Mukadzagwa muno adzakudzutseni ndani?"

"Ndikadzagwa ndidzagwera m'nyumba mwanga."

Anatulutsa nsomba mu uvuni, khungu lake lili psuu. Anatenga mpeni ndi supuni, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Kuhotela kunali lamulo. Khukhi akatumiza munga m'mbale ya mlendo, ankavula epuloni tsiku lomwelo. Lamulo limenelo ndikadali nalo. Wina wa inu akapeza munga m'mbale mwake, mawa ndilongedza ndekha katundu. Mukapanda kuupeza, za galajazo zithere pompano."

Achimwene anaseka, n'kuvomera. Bambo anang'amba nsomba pamsana, kutsegula mnofu uku ndi uku, n'kunyamula fupa lonse lathunthu kuchokera kumchira mpaka kumutu. Kenako anatigawira.

Sindinaonepo anthu akudya ngati mmene anadyera awiriwo. Achimwene ankafukula nthuli iliyonse ndi foloko ngati ataya singano. Alamu ankatafuna ndi mano akutsogolo. Ine ndinkangodya mtima uli m'malo, chifukwa chibadwire sindinapezepo munga m'nsomba ya bambo.

Pa nthuli yachinayi chinachake chinandibaya lilime.

Kanali kamunga kakang'ono, kopyapyala, koma kanali munga ndithu. Nditadzutsa maso ndinapeza bambo akundiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti aona pamene nsagwada zanga zinaima. Anangokhala chilili kumutu kwa tebulo, dzanja lija atalibisa m'thumba la epuloni, kudikira kuti ndilavule. Ndikanalavula, akanalongedzadi. Bambo sabweza mawu.

Ndinamva chisoni, kenako mkwiyo. Zaka zonse zija, nsomba zosawerengeka, zithere pa kamunga kamodzi? Ndinatapa saladi yodzaza foloko, tchizi chambiri, n'kumeza zonse pamodzi. Kanandikanda pakhosi mpaka misozi inalengeza.

"Mwaona?" anatero alamu. "Tchizichi mpaka mwana akulira nacho."

"Ayi alamu, chikukoma," ndinayankha, mawu atasasa. Ndinakankha mbale yanga. "Bambo, ndiwonjezereni nsomba."

Achimwene anaika foloko pansi, m'mbale mwawo muli mbee, n'kunena monyinyirika kuti chabwino, tidzaonanso chaka chamawa.

Bambo anatapa nthuli ina, n'kuiyandikiza kumaso, ndipo anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali asanaiike m'mbale mwanga.