Ozizira Ndiwo Anga

Mwezi uno mayunitsi a magetsi akutha msanga, ndiye dzulo ndinasamba madzi ozizira. Atangondikhudza kumsana, ndinakumbukira bambo anga.

Anali mphunzitsi, ndipo anawatumiza ku Chisenga kuchoka kwathu ku Mulanje. Nyengo yachisanu, mphepo yotsika m'mapiri a Mafinga inkalowa mpaka m'mafupa. Parafini anakwera mtengo, mtolo wa nkhuni nawonso, koma masiku a chipani chimodzi amenewo munthu sankadandaula mokweza. Mayi ankangotenthetsa ndowa imodzi n'kutigawira ana atatufe.

"Nanga inu, bambo?" ndinawafunsa.

"Madzi otentha amandipatsa ulesi, mwanangu. Ozizira ndiwo anga."

Ankalowa m'bafa la udzu akuimba mluzu, n'kutuluka milomo itatuwa. Ine kusukulu ndinkadzitama kuti bambo anga saopa chisanu chimene eni dera ankachiopa.

Tsiku lina m'mawa ndinabwerera kubafa kukatenga chipeso. Ndinawapeza atanjuta, atatsinzina, manja onse ataviika m'timadzi tathovu tofunda timene tinatsala m'beseni lathu.

"Mukutani, bambo?"

Anadzidzimuka. "Sopo wagweramo, ndikumufuna."

Ndinapisamo dzanja kuwathandiza, kenako ndinamuona sopoyo ali phee pamwala. Ndinaseka mpaka misozi, n'kuthamanga kukauza mayi kuti bambo ayamba kusaona. Mayi sanaseke.

Dzulo lomwelo mdzukulu wanga anandifunsa chifukwa chimene ndamusiyira madzi onse a m'ketulo. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panatuluka mawu a bambo.

"Ozizira ndiwo anga, mwanangu."