Nsanza za Pamimba

Ndinali mphunzitsi ku Chipoka m'zaka zimene dziko linali ndi chipani chimodzi ndi nyumba ya mphepo imodzi. Pamzere wa nyumba za aphunzitsi, wailesi yathu ndiyo inkamveka bwino, choncho Loweruka lililonse masana khonde lathu linkadzaza. Tinkamvera sewero loseketsa la banja lina losamvana, ndipo likatha tinkalikambirana ngati kuti anthu akewo tinkadya nawo m'mbale imodzi.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ndi akulu anga a bere limodzi, amene ukwati wawo unali utatha chifukwa chosowa mwana. Zaka zingapo m'mbuyomo, ine nditabereka kachiwiri, amalume ndi amayi anagamula kuti mwana wanga woyamba, wamkazi, aleredwe ndi akulu angawo ngati wawo. Kwathu zoterezi zikachitika sizitchulidwanso. Mwanayo ankawaitana kuti amayi, ine n'kumanditi amayi aang'ono, ndipo ku Chipoka konse palibe amene ankadziwa zina.

Loweruka lina sewerolo linabwera ndi nkhani ya mkazi wosabereka amene anamanga nsanza pamimba kuti mwamuna wake asakwatire wina. Anayenda nazo miyezi, mpaka zinagwa pachigayo anthu akuona. Anzake anamukuwiza, sewero n'kuthera pomwepo.

Khonde linagawikana. Bambo wina wogwira ntchito padoko anaseka mpaka kutsokomola. Mayi wina wogulitsa usipa anati, "Palibe choseketsa apa. Amene walemba izi sanagonepo m'nyumba yopanda kulira kwa mwana." Kalaliki wa kusiteshoni ananong'ona kuti mwina nsanzazo zikuimira zinthu zina zazikulu m'dziko muno. Tonse tinayang'ana pansi, iye n'kuyamba kudandaula za mabatire osalimba.

Ine ndinali nditamaliza sekondale, ndipo ndinkaona ngati kumasulira masewero ndi udindo wanga.

"Seweroli silikunyoza wosabereka," ndinatero. "Likudzudzula bodza."

"Inu aphunzitsi mumangoloweza za m'mabuku," anatero mayi wa usipa. "Kwa mkazi wotere bodza ndiye chofunda chake. Mukamulanda agona bwanji?"

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunandiwawa. Ndinafuna umboni womugonjetsera, ndipo ndinaupeza pafupi. Akulu anga anali pamkeka, akuluka tsitsi la mwana uja.

"Onani achemwali angawa," ndinatero. "Mulungu sanawapatse wawo, koma munawaonapo atamanga nsanza?"

Ndinkayesa kuti ndikuwatamanda. Mayi wa usipa anayang'ana mwanayo, nayang'ana nkhope yanga, kenako anatembenukira kunyanja.

"Amayi, wawo chiyani?" anafunsa mwanayo. Anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

"Khazika mutu bwino, ndimalize mzerewu," anayankha akulu anga. Anamaliza mizere yonse. Anthu anachoka mmodzimmodzi, ndipo palibe amene anakumbuka kuti sewero lija linkatanthauzanji.

Lolemba m'mawa ndinawapeza akumanga katundu wawo m'chitenje. Zovala za mwana anali ataziika pambali, zopindidwa bwino.

"Achemwali, ndinalakwa. Sikunali kufuna kwanga."

"Sunaname. Iwe si uja umadana ndi bodza?"

"Mwanayu ndi wanu. Ngati mukupita, mutengeni."

"Wanga pamaso pa ndani? Dzulo kutchalitchi amayi atatu andipepesa ngati ndaferedwa. Mwanayonso usiku wandifunsa kawiri." Anandipatsa chipeso. "Tsitsi lake uziyamba walinyowetsa. Likauma amalira."

Ndinawaperekeza kusiteshoni nditasenza katundu wawo, iwo patsogolo, ine pambuyo. Sanandinyoze ngakhale ndi mawu amodzi. Amalume atamva anabwera, nandifunsa funso limodzi lokha: ngati kusukulu kuja anatiphunzitsanso kumasula zimene akuluakulu anamanga.

Akulu anga anakhala kumudzi mpaka kumwalira kwawo. Tinkayenderana pamaliro ndi paukwati, mwaulemu wonse, koma pakhomo panga sanagoneponso. Mwanayo ndinkamutumiza kwa iwo tchuti chilichonse, ndipo iwo ankamubweza tsiku lake lisanapitirire, monga mmene munthu amabwezera khasu la eni.

Lero mwana ameneyo ali ndi zidzukulu zake. Amandisamala bwino, ndipo mankhwala anga amawadziwa kuposa ine. Koma mpaka pano akafika pakhomo amati, "Odi, amayi aang'ono." Sindinamukonzepo.