Mapiritsi a Malemu Esinati

Mkazi wanga Esinati atamuchita opaleshoni yochotsa chiberekero ndi mazira omwe, thupi linayamba kumutentha moti ankatuluka thukuta ngakhale mu Juni. Adokotala anamulembera mapiritsi a esitirojeni, obwezera m'thupi zimene mazirawo ankapanga.

"Aphunzitsi, si inu munapita ku koleji?" Esinati anandifunsa atagwira piritsi. "Amapangira chiyani timeneti?"

Ndinali nditawerenga kapepala ka m'bokosi. Amapangira mkodzo wa mahatchi a bere. Ndinaopa kuti akadziwa asiya kumwa.

"Maluwa a ku Ulaya," ndinayankha.

Sabata isanathe, anthu onse kwathu ku Lungwena anali atamva. Pokonzekera magule a chipani Esinati ankauza anzake kuti, "Inu muzimwa mizu yanuyo, ine ndimamwa maluwa." Ansembe atandifunsa dzina la duwalo, ndinapeka la Chilatini pomwepo, iwo n'kugwedeza mutu ngati akulidziwa.

Ndinkati ndidzamuuza akachira. Koma matenda amene anamuchititsa opaleshoni aja anabwerera, ndipo tinamuika chaka chatha.

Tsopano ndikaganiza, mapiritsiwo akanamwabe. Akanangoyamba kundidzutsa m'mawa uliwonse polira ngati hatchi, nyama imene sanaionepo. Zimenezo ndinadzimana ndekha.