Kusukulu Kumene Samalizira Mwana Mawu

Lachinayi lapitali ndinakwera basi ya ku Chelstone nditakwiya kale. Ndinkapita kukatenga mwana wanga Esnati kusukulu ya sekondale ya a Lutherani kumene akuphunzira Fomu 3. Sukulu inatsekera tchuthi cha Disembala, koma iye anatsalira komweko ndi anzake. Kumeneko tchuthi n'cha dzina lokha: ena amapalira chimanga cha sukulu, ena amapaka laimu m'makalasi, ena ali m'kwaya.

Esnati ali ndi chibwibwi. Sindikunena kudodoma wamba ayi, koma chibwibwi chija chogwira munthu pakhosi mpaka maso kufiira. Kwathu ku Kabwata tinazolowera kumuthandiza. Akangoyamba mawu, wina amamumalizira, moyo n'kumapitirira.

Ndiye tsiku lina mayi ake anabwera kuchokera ku Kamwala ali wefuwefu. Anali atakumana ndi mayi wa mnzake wa Esnati pogula nsalu.

"Imwe atate bake Esnati, mwamvela? Ati pa Sondo bazamuimika yeka pasogolo pa bantu bonse. Yendani mukamutenge, bazatisekela mwana!"

Inu mukanatani? Mwana amene salonjera mlendo popanda kutuluka thukuta, akaime yekha pamaso pa makolo a ku Kabulonga obwera pa galimoto? Ndinati zimenezo zichitike ine nditafa.

Nditafika, chodabwitsa choyamba chinali munda. Dzuwa likuswa mtengo, mitambo ya mvula ikusonkhana chakum'mawa, ana ali pamizere ndi makasu, popanda mphunzitsi wa chikwapu kumbuyo kwawo. Anga awiri otsala kunyumba, kuti asese pakhomo, umachita kuitana dzina lonse ndi la agogo awo lomwe.

Anandilozera kwa mphunzitsi wa kwaya, a Sakala, bambo wamfupi wa choko mpaka m'tsitsi. Tikupatsana moni, Esnati anatulukira akuthamanga. Anagwada, nayamba.

"A-a-a..."

"Atate, inde, nabwela," ndinamumalizira.

"Ni-ni-nifu..."

"Ufuna kubwela ku nyumba. Naziba. Katenge katundu."

A Sakala anandigwira pamkono mwaulemu.

"Ba Phiri, pepani. Kuno tili na lamulo limozi chabe. Sitimalizila muntu mau yake. Timalindila."

Ndinayang'ana kabambo kameneka. Kandiphunzitse ine kulera mwana wanga? Koma ana a makasu anali ataima pafupi, ali chete, palibe woseka kapena woyang'ana pansi. Ankangodikira, monga mmene munthu amadikirira madzi kudzaza mu ndowa. Manyazi anandigwira, nanenso ndinadikira.

Zinatenga nthawi. Kenako mawu anatuluka onse.

"Nifuna mu-mu-mumvele, atate."

Sankafuna kupita kunyumba. Ankafuna kuti ndimve. Ine ndinali nditamumalizira mawu, ndipo ndinamalizira abodza.

Tinalowa m'katchalitchi ka sukulu. Pabolodi panali madontho ndi timizere, do re mi zawo zija, zimene kwa ine zinali ngati mapazi a nkhuku. Kwaya inayamba nyimbo ya Khirisimasi, anyamata akugunda pansi, atsikana pamwamba. Ndime yoyamba itatha onse anakhala chete, a Sakala n'kuloza Esnati ndi choko.

Ndinagwira benchi ndi manja awiri.

Abale anga, ndakhala m'makwaya a mpingo kuyambira ndili mnyamata ku Katete, koma zimene ndinamva sindinazimvepo. Mawu anatuluka osapunthwa ngakhale pamodzi. Oyera, aatali, okwera mpaka kumalata. Mwana yemwe uja wolimbana ndi "atate" anatha ndime yonse, liwu lililonse lili pamalo pake. Mvula inayamba kugwa, koma sinamuphimbe. Opalira aja anathawira m'khonde n'kusuzumira pamazenera, makasu ali m'manja.

Ndinalira. Ine bambo wa imvi, wolemba m'nyuzipepala, ndinalira pamaso pa ana a sukulu, ndipo mpango ndinali nditauiwala kunyumba. Mawu amenewa akhala m'nyumba mwanga zaka zonsezi, akudya nane mbale imodzi, ine osawadziwa!

Ndinafunsa a Sakala kuti anachita mankhwala anji. Anaseka. Anati ambiri a chibwibwi akamaimba lilime limamasuka, zimenezo si zachilendo. Chovuta chinali choti mwanayo alimbe mtima kutsegula pakamwa pagulu, ndipo analimba mtima ataona kuti pasukulupo palibe womuthamangitsa.

M'basi pobwerera ndinkaganiza za ife anthu a mu Lusaka. Kodi pali mtundu wodziwa kudikira kuposa ife? Tikamva kuti shuga wafika m'sitolo ya boma timaima pamzere kuyambira mbandakucha. Sopo timamudikira, mafuta ophikira timawadikira, basi timaidikira mpaka nsapato kumera mizu. Pamsonkhano wa Chipani timakhala padzuwa kudikira bwana amene akadali kusamba kwawo, ndipo akafika timaomba m'manja.

Koma mwana akachedwa ndi liwu limodzi, nthawi tilibe.

Ndipo si a chibwibwi okha. Nkhalamba ikabwera kuchokera kumudzi n'kuyamba nkhani yake kuchokera kutali, timaidula: "Mwachidule, mufuna chani?" Wodwala kuchipatala asanamalize kunena pamene pakupweteka, wapatsidwa kale mapiritsi. Mkazi akayamba kuti "Ine ndimaganiza kuti...", mwamuna wamaliza kale, ndipo wayankhanso. Timati tikuthandiza. Wailesi imatiuza za umunthu m'mawa ndi madzulo, koma umunthu umene ndinauona ine unali wa ana ogwira makasu, oima chete kudikira mnzawo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Esnati sindinamutenge tsiku limenelo. Lamlungu tinabwerera kusukuluko tonse ndi mayi ake, amene anayamba ndi kubisa nkhope m'chitenje, n'kumaliza ndi nthungululu imene inadzidzimutsa m'busa. Makolo a ku Kabulonga aja sanaseke. Mayi wina wa chipewa chachikulu anachita kufunsa kuti mwanayo ngwa ndani, ine n'kudzigunda pachifuwa ngati ndinamuphunzitsa ndine.

Madzulo ake, tikubwerera kunyumba ndi Esnati, tinakwera basi yachiwiri m'tauni, yodzaza mpaka pakhomo. Kondakitala anafika pa Esnati ndi matikiti ake.

"Museluka kuti?"

Pakamwa panga panali patatseguka kale. Ndinapatseka.

"Ka-ka-ka..."

"Kamba iwe, tilibe ntawi!"

"Lindila, mwana akamba," ndinatero.

Kondakitala anandiyang'ana, nayang'ana mwana. Oyandikana nafe anasiya nkhani zawo. Basi inadutsa njanji tili chete.

"Ka-Kabwata," anatero Esnati, natambasula dzanja kulandira tikiti yake yekha.

Inu amene mukuwerenga, mawu aja munamalizira mwana wanu dzulo, mukutsimikiza kuti ndi amene ankafuna kunena?